Kabotolo ka a Consolata

Kwa Chulu, munthu akabinya phazi sankafunsa njira ya kuchipatala. Ankatsimphina kulunjika kwa a Consolata, poti amati manja a mayi wobereka mapasa ndiwo amabwezera mtsempha m'malo mwake. Iwo ankakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa mpaka mafuta atayandama, n'kusakaniza ndi makala a mizu imene sankaitchula dzina. Akakuthowa pakakolo ndi madzi otentha n'kukutikita ndi mafuta akudawo, unkalira ngati mwana, koma mkuja wake unali kumunda.

Mankhwala sathokoza, ukathokoza sagwira ntchito. Choncho kwa zaka makumi atatu anthu ankangodzuka pamphasa n'kumapita opanda zikomo, ndipo a Consolata ankanyadira mwano umenewo.

Zaka za makuponi ndiye ntchito inachita kunyanya, poti pamzere wa feteleza anthu ankapondana ngati ng'ombe pakhomo la khola. Chaka china Yobu, mmodzi wa mapasa awo, anagwa ndi njinga pochokera kudepoti, thumba n'kumugwera paphazi. Mayi ake anagwiragwira.

"Wangobinya uyu," anatero. "Kuchipatala kukatani, fodya akudikira feteleza?"

Anamutikita masabata awiri. Chonsecho fupa linali litathyoka, ndipo kabala kam'mbali kanali katayamba kuwola. Pamene m'bale wake Lucious ankamutengera kuchipatala cha kuboma, mwendo unali utada mpaka m'bondo. Yobu sanabwereko wamoyo.

Palibe anawanena poyera. Anthu anangoleka kubwera, ndipo otsimphina ankalambalala nyumba yawo atawerama. Zinkawawawa kwambiri a Consolata, komabe chaka chilichonse ankaphika mafuta atsopano, kuti mwina wina adzawakhulupiriranso.

Patapita zaka zitatu kunafika Angelina, mnzawo wa kukwaya, akukoka mwendo.

"Amake mapasa, ndabinya pokwezera fodya m'chigafa. Tandionani."

A Consolata anathamangira kabotolo kawo ka mafuta mwachimwemwe. Phazilo silinatupe kwenikweni, koma anathowa, anatikita mosamala, n'kumanga kansalu. Angelina anadzuka, anakonza chitenje, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo kwambiri, amayi. Mwandithandiza."

Zikomo ameneyo anawalasa mumtima. Anamuyang'ana mnzawoyo akupita, akuponda bwinobwino, ataiwala n'kutsimphina komwe, ndipo anadziwa kuti chimene chinamubweretsa ndi chisoni, osati phazi. Anatseka kabotolo kaja akulira. Chaka chimenecho nsatsi zinaphulika zokha kuseri kwa nyumba, popanda wotola.