Jaji wa Ufa M'jekete la Bambo

Dzulo ndinagulira mwana wanga jekete pa shopu ya kaunjika kuno ku Highfields, loti akavale pa sewero la kusukulu. Iye anangotseka mphuno, koma ine fungo la mankhwala a njenjete lija linandibwezera kwathu.

Ndili Sitandade 6, aphunzitsi anatiphunzitsa sewero la ku Mangalande, ine n'kukhala jaji. Nanga jaji n'kukhala wopanda jekete? Bambo anandibwereka lawo, limodzi lomwelo, limene linkatuluka m'sutikesi Lamulungu lokha. Kuti ndifanane ndi jaji wachizungu, anzanga anandithira ufa kumutu.

Unali mwezi wa Juni. Ndikugamula mlandu, ndinkawaona bambo kumbuyo, atafumbata manja m'khwapa, ali m'malaya opyapyala. Titawerama potsanzika anthu monga anatiphunzitsira, ufa wonse unakhuthukira pajekete.

Ndinathawira kuseri kwa kalasi n'kumapukuta ndi malovu. Bambo anandipeza komweko, milomo yawo ikunjenjemera ndi chisanu.

"Pepani bambo, ndikachapa."

Anandigwira dzanja.

"Musapukute, a Jaji. Tiyeni, mayi anu akakuoneni kaye choncho."