Zoyera m'Kamwa Zimene Ndinabisa

Chizindikiro choyamba ndinachiona mu Epulo 1988: timadontho toyera palilime, ngati mkaka wowundana. Apo n'kuti nditamwa mapiritsi a pulediniziloni kwa zaka ziwiri chifukwa cha lupasi, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwelo. Ndinkagulitsa zitumbuwa pamsewu pa Naisi, ndipo amuna anga, a Jafali, ankayendetsa lole.

Masiku amenewo anthu anali atayamba kunong'onezana za Edzi. Ndinkadziwa zimene anganene ataona m'kamwa mwa mkazi wa dalaivala. Ndinkapala lilime ndi mswachi mpaka kutuluka magazi, ndipo polankhula ndi ogula ndinkadziphimba kukamwa ndi mpango. A Jafali sindinawauze, chifukwa mumtima ndinkawaganizira zoipa.

Pofika mu Juni, ngakhale phala linkandiwotcha pakhosi pomeza. Ndinawonda kwambiri, ogula n'kuyamba kudutsa lichero langa. Tsiku lina ndinagwa pachitsime, ndipo anakandigoneka kuchipatala ku Zomba.

Poyamba ndinkagona pamphasa pansi, kudikira kuti bedi lipezeke. M'mawa uliwonse namwino ankandiyeza kutentha kwa thupi, n'kundipaka jivi, mankhwala a pepo aja, m'kamwa. Milomo inkachita bii, malovu n'kumadetsa chitenje. Nthawi yoona odwala ikakwana ndinkafunda mutu kuti anthu a kwathu ku Malemia asandizindikire. Ananditenga magazi, ndipo ndinadikira zotsatira masiku ambiri osayang'ana amuna anga kumaso.

Dokotala atabwera anati, "Mayi, Edzi mulibe. Awa ndi mafangasi, tizilombo ta mtundu wa chuku. Mapiritsi anu amafooketsa chitetezo, ndiye tizilomboti talowa mpaka kummero ndi m'magazi. Mukanabwera msanga, mankhwala opaka okha akanakwanira."

A Jafali anali pomwepo. Sanandifunse chifukwa chimene ndinabisira, koma ndinaona kuti amvetsa. Manyazi a tsiku limenelo anaposa onse.

Anamwino anandiika diripu ya mankhwala amene ankandinjenjemeretsa ngati malungo. Ndinatuluka kumapeto kwa Ogasiti ndikumeza bwinobwino.

Lero ndakalamba, lupasi ndikadali nayo, koma ndimalima ndipo tsiku langa la kuchipatala sindiphonya. Ngati mumamwa mankhwala ngati angawa, musasiye panokha, koma mukaona zoyera m'kamwa kapena kumeza kukupweteka, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Kaya akupezani ndi chiyani, thandizo lilipo. Anthu amene ndinkawaopa aja palibe ndi mmodzi yemwe anagona pamphasa paja m'malo mwanga.