Amayi Selina Nkhoma, Amene Anaphunzira Chifalansa Atakalamba

Akulu ampingo andipempha kuti m'kalata yathu ya mwezi uno ndilembe za moyo wa Amayi Selina Nkhoma, amene tinawaperekeza kumanda masabata awiri apitawa. Ine ndine Dorothy Mbewe, mlembi wa Chigwirizano cha amayi pano pa Katete. Ndinawadziwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo zambiri zimene ndalemba pano ndinazimva kwa eni ake.

Amayi Selina anabadwa mu 1959 m'mudzi wina kufupi ndi Vubwi, kumene munthu akapita kunkhuni amatha kuponda dziko la Malawi osadziwa. Makolo awo ankalima thonje ndi mtedza. Sukulu anailekera giredi 7, chifukwa mayi awo anadwala miyendo ndipo panalibe wina wolera ang'ono awo. Analowa kalasi ya mpingo ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo mtunda wonse wa kutchalitchi ankauyenda atabereka mng'ono wawo. Kuyambira ubwana anali munthu wamantha. Sindikuwanyoza ayi, eni ake ankanena poyera. Ankaopa mphenzi, ankaopa apolisi a pamalire, ndipo akawauza kuti apemphere pagulu mawu ankawanjenjemera.

Mu 1978 anakwatiwa ndi Bambo Jairos Daka, mphunzitsi, ndipo anakhala ku Sinda asanasamukire kuno. Mwa ana anayi amene Mulungu anawapatsa, atatu anamwalira ali aang'ono, anangotsala Caroline. Bambo Daka anatisiya mu 2003. Zaka zonsezo Amayi Selina ndiwo ankasesa tchalitchi Loweruka lililonse, ndiponso kuchapira odwala amene analibe achibale kuchipatala. Kawiri konse tinawasankha kukhala wapampando wa Chigwirizano, ndipo kawiri konse anakana.

"Ine ndipatseni tsache," anatero. "Mpando patsani amene mawu awo amamveka kumbuyo."

Caroline anaphunzira unamwino. Anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Falansa amene anabwera kudzagwira ntchito yokumba mijigo, ndipo anapita naye kwawo kwa mwamunayo. Kumeneko kunabadwa Melody, mwana amene anabwera ndi nthenda ya mtima. Ukwati sunalimbe. Bamboyo anachoka, osamvekanso. Patapita zaka zingapo Caroline anapezeka ndi khansa, ndipo anaimba foni nati, "Amama, bwerani."

Amayi Selina anali atangofikako ku Lusaka kawiri m'moyo wawo wonse. Tsiku limene ndinawaperekeza kukakwera basi anandigwira dzanja osalisiya, n'kunditchula ndi dzina la mwana wanga monga mwa masiku onse.

"Amake Gideon, ndikasochera pabwalo la ndege ndikafunsa ndani? Ndipo ndikafunsa m'chinenero chanji?"

Koma basi itabwera, anakwera.

Anadwazika Caroline chaka ndi theka, kufikira anamutseka maso. Melody anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ife kuno tinkaganiza kuti abwera naye mwanayo, koma madokotala anakaniza. Anati ayenera kumamuona pafupipafupi, ndipo akadzakula adzafunika opaleshoni yaikulu. Khoti linapereka mwana m'manja mwa ambuya ake. Koma ambuyawo ankakhala m'dzikomo ndi chiphaso chimene chinkatha ntchito pakapita nthawi, ndipo ankayenera kukachipemphanso. Nthawi imeneyo ikayandikira, mauthenga awo pafoni ankasintha. Ankadya pang'ono. Akamva munthu wa makalata pakhomo, mtima unkawagunda ngati aba.

"Akandikaniza, Melody amutengera kuti?" ankandifunsa. "Mwana amene sadziwa ngakhale kuwerenga yekha mankhwala ake?"

Anapeza ntchito yokolopa m'nyumba yosungiramo okalamba, ndiponso kampingo kakang'ono ka anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana. Chifalansa cha pamsika ndi cha pantchito anachitola pang'onopang'ono. Chinthu chimodzi chinawadabwitsa kwambiri, moti anandiimbira Lamlungu lomwelo: "Amake Gideon, anthu akuno munthu wachilendo amamutchula kuti inu, koma popemphera Mulungu amamutchula kuti iwe! Ine pakamwa panga pakukana."

Zaka zinapita motero. Melody atayandikira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, madokotala anati nthawi ya opaleshoni yayandikira. Pa nthawi yomweyo mayi wina wothandiza alendo pa nkhani za mapepala anawachenjeza kuti mwana akakula, chifukwa chimene akhala akupereka popempha chiphaso chikhoza kuchepa mphamvu. Anati njira yokhalitsa ndiyo kupempha unzika. Amayi Selina anayamba afunsa abusa athu ngati kutero sikukana kwawo, ndipo abusa anawalimbitsa mtima kuti unzika wa Zambia sautaya. Koma panali khomo lina lopapatiza: mayeso a chinenero a mlingo umene amautcha B2. Pamenepo Chifalansa chogulira buledi sichikwanira. Munthu ayenera kumvetsa zokambirana za pawailesi, kuwerenga nyuzipepala, kulemba kalata yodandaula, ndiponso kukhala pamaso pa woyesa n'kutsutsana naye. Amayi Selina anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi.

Analembetsa sukulu ya akuluakulu masana awiri pa sabata. Ankaika Baibulo la Chichewa ndi la Chifalansa pamodzi, chala chimodzi uku china uku, kufikira maso akuwawa. Ankadandaula kuti m'chinenerocho chinthu chilichonse ndi chachimuna kapena chachikazi. "Tebulo ndi mkazi, mpeni ndi mwamuna. Kodi anazibadwitsa ndani?" Tinkaseka, koma iwo kuseka kwawo sikunkatalika.

Ulendo woyamba analephera polemba. Ulendo wachiwiri analemba bwino, koma anagwa poyankhula. Anandiimbira atangotuluka, akulira.

"Woyesayo anali bambo wa imvi. Iye akanena chinthu, ine ndimati mwanena zoona. Akatembenuza n'kunena china, ine ndimati pamenepanso mwanena zoona. Aphunzitsi akuti ndimayenera kumutsutsa. Amake Gideon, ine mlendo kutsutsa munthu wamkulu m'dziko lake lomwe? Amayi anga sanandilere choncho."

Masiku omwewo kunabwera yesero. Mayi wina wa kuntchito kwawo anawanong'oneza kuti alipo munthu amene amakonza satifiketi yofanana ndendende ndi yeniyeni. Tsiku la opaleshoni linali litatchulidwa kale, ndipo chiphaso chawo chinali chitatsala miyezi isanu. Kwa masiku atatu sanayankhe. Pambuyo pake anandiululira okha, ndipo anandilola kuti ndidzanene.

"Mumtima ndinali nditavomera. Koma Lamlungu kunali mgonero, ndipo chikho chitafika pa ine dzanja linauma. Ndinati, Selina, mantha uli nawo kale okwanira. Ukawonjezere ena oopa Mulungu ndi boma pamodzi?"

Lolemba anakamuuza mayi uja kuti ayi.

Apa mpamene ndinakumbukira Bambo Sylvester, amene ali ndi golosale pamsika wathu. Iwo anachokera ku Burundi kalekale, ndipo amayankhula Chifalansa ndi Chinyanja chomwe. Ku Falansa kunalibe munthu wofotokozera Amayi Selina zolakwa zawo m'chinenero chakwawo. Ndinakawapempha, ndipo sanavute.

"Ine za kudikira mapepala ndimazidziwa, amayi," anatero. "Muzibwera nayo foniyo Lachitatu masana."

Kwa miyezi itatu ndinkaimika foni patebulo la m'sitolomo, pakati pa sopo ndi shuga. Bambo Sylvester ankanena dala zinthu zopsetsa mtima m'Chifalansa, monga zakuti mwana wamkazi asapite kusukulu. Kumbali inayo kunkamveka kamawu kapansipansi kovomera. Pamenepo iwo ankamenya tebulo n'kulowa Chinyanja: "Iyayi, amayi! Kanani! Ine ndanena zopusa, inu mukuti zoona?" Ogula ankaima kumvetsera, ena mpaka kuiwala chimene abwerera. Sabata yachisanu ndi chimodzi ndinamva mawu a Amayi Selina akukwera koyamba, ndipo Bambo Sylvester anandiyang'ana n'kugwedeza mutu.

Mayeso achitatu anali Lachisanu. Amayi a Chigwirizano tinasonkhana m'tchalitchi kuyambira m'mawa osadya kanthu, foni ili pabenchi patsogolo pathu. Dzuwa linapendeka foniyo isanalire. Itaitana, tonse tinadzidzimuka.

Amayi Selina anati woyesa anali mtsikana, ndipo mutu unali wakuti kodi si bwino kuti okalamba azisungidwa kwaokha kuti ana awo agwire ntchito momasuka. Mtsikanayo anati ndi bwino. Amayi Selina anakumbukira gogo wina wa m'chipinda chimene ankakolopa, amene Lamlungu lililonse ankavala nsapato n'kukhala pakhomo kudikira ana osabwera.

"Ndinaiwala kuti ndili pa mayeso," anatero. "Ndinamuuza kuti ayi, mwalakwa, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Ndinayankhula mpaka anakweza dzanja kuti nthawi yatha. Tsopano ndikuopa kuti ndamulalatira mwana wa eni."

Zotsatira anazidikira masabata asanu, ndipo masabata amenewo anaonda. Anakhoza, ngakhale kuti anangodutsa pang'ono malire. Anapereka mapepala onse opempha unzika, ndipo chiphaso chawo chinawonjezeredwa podikira yankho. Tsiku la opaleshoni anakhala pakhonde la chipatala maola asanu ndi awiri. Dokotala atatuluka, anamumva okha popanda womasulira, ndipo anamufunsa mafunso atatu asanamulole kupita. Melody anachira.

Mu Julayi madokotala analola mtsikanayo kukwera ndege, ndipo Amayi Selina anabwera naye kudzaona kwawo kwa mayi ake. Titawalandira tinaona kuti thupi lawatha komanso miyendo yatupa. Anali atadwala nthawi yaitali osauza munthu, poopa kusokoneza mwana asanachire. Anapita naye Melody ku Vubwi ndi ku Sinda, anamuonetsa abale onse, ndipo anakagwada m'sitolo ya Bambo Sylvester kuthokoza. Sabata yachinayi anagwidwa ndi chibayo. Atagona m'chipatala masiku asanu anapempha kuti abwerere kunyumba, ndipo tinawagoneka kwathu.

Tsiku lomaliza m'mawa ndinawapeza ali maso, nkhope ili yosalala. Ndinawafunsa ngati akuganizabe za kalata ija ya unzika.

"Ikabwera, Melody awerenga," anatero. "Chimene ndinkaifunira chachitika. Amake Gideon, lero ndagona tulo ngati mwana. Zaka khumi ndi chimodzi sindinagonepo choncho."

Cha kumasana amayi anabwera kudzaimba nyimbo. Melody anawagwira dzanja nati, "Ambuya, ndili pano." Iwo anamuyankha mawu ochepa m'Chifalansa, amene mtsikanayo anatimasulira pambuyo pake kuti, "Ndakumva, mwana wanga." Nyimbo yachiwiri isanathe, anapuma. Tinawaika kumudzi kwa amuna awo kufupi ndi Sinda. Pamene ndikulemba pano, yankho la ku Falansa silinafike.

Abale ndi alongo, ambirife timaganiza kuti munthu wachikhulupiriro ndi amene saopa. Amayi Selina anaopa moyo wawo wonse. Anakwera basi akuopa, analera mwana wodwala akuopa, anakana bodza akuopa, ndipo analowa m'chipinda cha mayeso katatu akuopa. Ngati pakati pathu pali wina amene mtima ukumugunda chifukwa cha ntchito imene Mulungu wamuikira patsogolo, asadikire kuti mantha ayambe atha. Mayi amene tamuikayu sanadikire.