Nsomba za Geresomo

Milamba makumi anayi yowamba bwino inkagulidwa sheleni imodzi pa Chiromo chaka cha 1918, ndipo tsiku labwino Sebastiano ankavuula yochuluka chotero m'dambo. Koma yake inali makumi awiri okha. Inayo inali ya Geresomo, mnzake wa bwato, ndipo ndi imeneyi inatsala pang'ono kumutayitsa mwana.

Sebastiano anabwera ku Chiromo ali pamsana, makolo ake akuthawa thangata la Apwitikizi. Anakulira m'bango ndi m'gumbwa, nkhafi ili m'manja. Atakula, iye ndi Geresomo anagwetsa mtengo umodzi n'kusema bwato limodzi. Kwa asodzi a kumeneko, bwato losema awiri limadya pawiri: mnzako wapita kumadzi kaya sanapite, gawo lake lilipo. Awiriwa anabatizidwanso tsiku limodzi mu Shire. Chaka chotsatira ng'ona inagwira Geresomo dzanja lamanzere akuvuula mono, Sebastiano n'kuimenya ndi nkhafi m'maso mpaka inamusiya. Dzanjalo linapola, koma linafota. Kuyambira pamenepo wopalasa anali Sebastiano yekha, ndipo sanadandaulepo.

Dandaulo linadza ndi mphatso. Tsiku lina Geresomo anapempherera mwana wa mnansi amene ankakomoka, mwanayo n'kutsitsimuka. Mbiri inathamanga kuposa sitima ya panjanji. Anthu anayamba kudzamutenga, ndipo wowolotsa anali yani? Sebastiano. Geresomo naye anasiya kugulitsa gawo lake la nsomba. Ankaliika m'dengu n'kumagawira odwala. M'midzi yonse ya m'mbali mwa dambo munamveka mawu atsopano: nsomba za a Geresomo.

Lamulungu lina mphunzitsi Maliko analalikira kuti Mzimu amagawa mphatso mmene wafunira, wina kuchiritsa, wina kuphunzitsa, wina kuthandiza, ndipo zonse n'zofunika. Potchula za kuchiritsa, mpingo wonse unacheukira Geresomo. Potchula za kuthandiza, palibe anacheukira aliyense.

"Amake Esinala, tandiuzani," anatero Sebastiano kwa mkazi wake Emelia akubwerera kunyumba. "Madzi anali amodzi, tsiku linali limodzi, ndipo woyamba kumizidwa ndinali ine. Nanga mphatsoyo inandidumpha bwanji?"

"Mwina inadutsa mudakali pansi pa madzi," anatero Emelia.

"Mukuseka. Kuthandiza! Imeneyo ndi yotsalira pansi pa dengu, ngati tinsomba ta mphende tofumbutuka topatsa ana."

"Koma ana amakhuta nato."

Kunyumba kwa Sebastiano kunali mapira, kunali mbuzi, Emelia anali ndi nsalu yosinthira, pamene Geresomo ankagona m'kanyumba kodontha. Zonsezi iye ankaziona. Koma akamva mwana wa munthu akunena kuti "a Geresomo akubwera," chakudya chinkamuwawa m'kamwa.

Kumapeto kwa chaka cha 1918 amtengatenga anabwerera kuchokera kunkhondo, ndipo chimfine chachikulu chinabwera nawo. Anthu ankagwa mabanja athunthu. M'mawa wina Sebastiano anawolotsa Geresomo kupita pa kachilumba ka m'kati mwa dambo, pamene pankakhala mabanja ochepa a asodzi. Njira inali itatsekeka ndi gumbwa woyandama, mwakuti anafika dzuwa lili pamutu, zikhatho za Sebastiano zitatuluka matuza. Padooko panali mayi mmodzi wokalamba, yekhayo amene ankatha kuimirira. Anagwada, kulandira dengu m'manja mwa Geresomo, n'kuthokoza mwachikwawo.

"Takhuta, a Geresomo, takhuta! Nsomba zanu ndi zimene zatisunga." Kenako anatembenukira kwa Sebastiano. "Iwe wabwato, kokera bwatolo uko, lingawagwetse abambowa."

Wabwato! Sebastiano anayang'ana matuza ake, n'kuyang'ana dengu lija. Milamba yonseyo anavuula ndi iye, kutumbula ndi iye, kuwamba Emelia. Anakankha bwato kubwerera pamadzi.

"Shamwali, ukupita kuti?" anafunsa Geresomo.

"Kwathu. Okutamandawo akubweze."

"Amuna onse pano agona. Ine ndipalasa ndi dzanja liti?"

"Pempherera bwato, libwera lokha."

Anapalasa osacheuka. Mtima unali myaa ngati wamwa madzi a mumtsuko watsopano. Koma atafika pakhomo anapeza Esinala, mwana wawo mmodzi yekhayo, ali gone pamphasa, thupi likuotcha, mpweya ukulira m'chifuwa.

"A Geresomo ali kuti?" anafunsa Emelia.

"Atsalira pachilumba. Ntchito yachuluka."

"Kawatengeni."

"Kodi Mulungu amamva pakamwa pamodzi pokha? Inenso ndine wobatizidwa."

Anagwada, kuika dzanja pamutu pa mwana monga ankachitira Geresomo. Mawu onse ankawadziwa, poti anali atawamva kambirimbiri ali chiimire pakhomo la anthu. Anayamba ndi kakutsokomola kamene Geresomo ankayamba nako, n'kuweramitsa mutu chakumanzere ngati iyeyo. Koma pakati pa pempherolo anadzipeza akuganiza za Lamulungu likudzalo: Maliko akulengeza kuti Esinala wachira ndi pemphero la bambo ake, mpingo wonse ukucheukira kwa iye, Geresomo ali kumbuyo. Anatsegula maso. Mwana anali chimodzimodzi.

Tsiku lotsatira anasala kudya, n'kupempheranso mokweza. Esinala anasiya kumwa ngakhale madzi. Pamenepo Emelia anatulutsa nkhafi m'nyumba n'kuiponya pamapazi a mwamuna wake.

"Bambo a Esinala, ndamva kudooko kuti munawasiya dala. Ine sindikudziwa ngati pemphero lawo lingachize mwanayu. Koma akafa muli chikhalire pano ndi nsanje yanuyo, mudzamuika nokha."

Sebastiano anatola nkhafi. Anadzera ku miono yake, kuvuula milamba ingapo, n'kulowa m'gumbwa muja. Pachilumba anapeza Geresomo akukwera kuchokera kudooko, mtsuko wa madzi uli paphewa, maso atalowa m'kati.

"Bwato lija labwera lokhadi," anatero Geresomo. "Koma lachedwa."

"Esinala wagwidwa."

Geresomo anatula mtsuko. "Tiye. Koma nsombazo usiye kuno, dengu linatha dzulo."

Ali pamadzi, Geresomo analankhula akuyang'ana kutsogolo. "Onse pachilumba paja ndawapempherera. Atatu ndawakwirira ndekha, ndi dzanja limodzi. Amene akudzuka ndi amene anatha kumeza msuzi wa mlamba. Kaya ndi pemphero, kaya ndi msuzi, kaya zonse, mwini wake ndi amene akudziwa."

Sebastiano analeka kupalasa. "Ndiye ukanene zimenezo m'tchalitchi!"

"Ndinanena kawiri konse. Amangoti a Geresomo ndi odzichepetsa."

"Ndiye kutamandidwa kuwonjezekanso?"

"Kuwonjezeka. Palasa, shamwali, mphatso yakoyo ikutiimitsa pamadzi."

Atafika, Geresomo anagwada pambali pa mwana n'kupemphera mawu ochepa, motsitsa, osatsokomola n'komwe. Kenako anauza Emelia kuti awiritse mlamba. Geresomo anakhala pamenepo akudontheza msuzi m'kamwa mwa Esinala pang'onopang'ono, Sebastiano atamuchirikiza mutu. Patapita masiku, mwana anapempha phala. Sabata isanathe anakhala tsonga n'kuyamba kukangana ndi mayi ake za kusamba.

Sebastiano analira ndi chimwemwe kuseri kwa nkhokwe. Anapita kwa Geresomo ndi udzu ndi luzi, n'kumufolerera kanyumba kaja popanda kupemphedwa. Ankayesa kuti nsanje yatuluka m'nyumba mwake pamodzi ndi chimfine.

Lamulungu, mpingo utachepa ndi maliro, Maliko anaimirira n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha Esinala, amene anachira a Geresomo atamupempherera. Geresomo anakweza dzanja lake lamoyo lija n'kunena kuti wowolotsa ndi wosodza ndi Sebastiano. Amayi anang'ung'udza mokondwa: "Koma abambowa n'ngodzichepetsa!" Sebastiano anamva chinthu chija chikudzukanso pansi pa nthiti, chamoyo ngati mlamba wa m'matope.

"Chadzukanso?" anafunsa Emelia ali m'njira, poti nkhope ya mwamuna wake ankaidziwa.

"Chadzuka. Koma Geresomo pachilumba sindidzamusiyanso."

"Ndiye mutani nacho?"

Sebastiano anali ataganiza kale. Kutsidya la Ruo kunali midzi ina kumene chimfine chinali chitangofika, ndipo Geresomo anali ataitanidwa. Bwato lipita, gawo la Geresomo lipita, ndipo pagawo lakelake Sebastiano awonjezapo milamba khumi. Zotsalazo zikwanira mchere ndi msonkho akagulitsa pa Chiromo.

"Mawa tinyamuka m'mamawa," anatero. "Koma dengu ndikanyamula ndine mpaka pakhomo, ndipo ndikalowa nalo m'nyumba. Akandifunsa dzina, ndikawauza."