Chishango Chimene Ndinagula ndi Dengu la Usipa

Ndikukumbukira chaka chimene malume anga a Saidi anabwera kuchokera ku Joni. Anzawo ankabwerako ndi njinga, wailesi ndi mabulangete. Iwo anabwera ndi karate basi. Posakhalitsa anasonkhanitsa anyamata a m'mudzi mwathu ku Senga Bay n'kumatiphunzitsa kuseri kwa matandala oyanikapo usipa, kumene fungo lokha linali mlonda wokwanira.

Chobisalira chinalipo. Masiku amenewo anthu mukakhala pagulu osaimba nyimbo ya chipani, wina ankafuna kudziwa chimene mukupangana. Nanga anyamata oponya mateche m'mwamba n'kumakuwa? Aliyense ankakayikira mnzake. Ngakhale mbuzi ikaima nthawi yaitali n'kumatiyang'ana, malume ankaimitsa maphunziro mpaka ichoke. Wallahi, sindikuwonjezera.

Malume ankati ku Joni theche limagwera pa chishango chofewa chimene mnzako wagwira. Ife tinalibe. Ndiye anayang'anayang'ana pagulupo n'kupeza chinthu china chofewa: ine. Ndinali mwana wonenepa, wa masaya ngati mandasi. Anandimangirira pamimba thumba la mankhusu a mpunga wa ku Lifuwu, koma linaphulika tsiku lomwelo, nkhuku za m'mudzi monse n'kuthamangira komweko ngati zatumidwa kudzatiulula. Kuyambira pamenepo mateche ankafikira pa ine mwini. Nthiti zanga zinafika poti ndikaseka zinkalira ngati mangolongondo. Nditadandaula, malume anangoti, "Ukapeza chishango chenicheni, upuma. Ukapanda kuchipeza, chishango ndiwe."

Iwo sakanapita okha kukagula, poti munthu wochokera kunja maso anali kale pa iye. Anandipatsa dengu la usipa wouma, nanditumiza ku Salima kwa a Mbewe, wosoka mipando ya mabasi. Anandilumbiritsa kuti ndisakatchule za karate, ngakhale atandikoka makutu. Ndinakwera lole ya nsomba nditakumbatira dengu langa, ndipo aliyense wondimwetulira ndinkamuyesa kazitape.

M'nyumba ya a Mbewe munkanunkha guluu ndi mafuta a makina osokera. Kukhoma kunali chithunzi cha mwini dziko, monga m'sitolo ina iliyonse, maso ake akulondola munthu ngakhale atabisala kuseri kwa chitseko. Eni akewo anali aatali, oonda, singano ili pakamwa.

"Ndikufuna khushoni, bambo," ndinatero. "Lokhalira abambo anga m'bwato."

Anandiyalira angapo pansi. Kusankha kwake kunali kovuta, chifukwa chinthu chomenyedwa umachidziwa pochimenya, koma ine ndinayenera kuoneka ngati mwana wosankhira abambo ake pokhala. Ndinkakhalapo mwaulemu, a Mbewe akacheuka n'kubayapo chigongono. La thonje linali ndi mabumamabuma, pena polimba pena popanda kanthu. Theche likanapeza njira. La siponji yopyapyala ndinalifinya mpaka zala zanga zinapatsana moni mkati. Lomaliza linali la siponji yokhuthala ya mpando wa basi, yopindidwa pawiri, yokutidwa ndi tenti ya lole. Ndinaligunda ndi bondo mwakabisira, bondo n'kubwerera lokha. Nthiti zanga zinati ndi lomweli.

"Mundisokerenso malamba awiri kumbuyoku, olowetsamo mkono."

Anachotsa singano pakamwa. "Abambo ako amakhalira mkono?"

"Ayi, bambo. N'kuti bwato likagubuduka agwirire."

"Ehe. Nanga iweyo ukupumira mbali imodzi bwanji? Wakutuma ndani?"

M'mutu mwanga ndinaona malume atakwezedwa galimoto yopita kumene anthu sankabwerako msanga, ine ndili pambali pawo ndi dengu langa. A Mbewe anandiyang'ana, nayang'ana kumsewu, ngati akuganiza kuti mwina ine ndi amene ndatumidwa kudzawatchera msampha. Kenaka anakhala pa makina n'kusoka malambawo, akubwereza ulusi mobwerezabwereza pamene lamba wakumana ndi tenti. Atamaliza anatseka chitseko, natchinga zenera ndi chiguduli. Ndinayamba kunena chamumtima mapemphero onse amene ndinaphunzira ku madrasa, ndi ena amene ndinapeka pomwepo.

Anavula nkhwaira zawo, naima mofulatira chithunzi chija.

"Lowetsa mkono. Pinda mawondo, mwana iwe. Tulutsa mpweya."

Theche limene linatsatira sindinalione. Ndinangoona kuti ndili m'mwamba. Ndinaona minda ya mpunga ya ku Lifuwu, alimi atawerama, wina n'kundibayibitsa. Musandifunse kuti ndinaiona bwanji chitseko chili chotseka, ndinaiona, wallahi. Ndinakatera pamulu wa thonje. Ndinagwiragwira nthiti zanga: zonse zinalipo, ndipo kwa nthawi yoyamba sizinalire.

A Mbewe anavala nkhwaira, natsekula chitseko, nanunkhiza usipa wanga mokayikira ngati ndabisamo kanthu. Kenaka anakweza mawu kuti amve ndi odutsa mumsewu: "Ukawauze abambo akowo akhale bwino m'bwatomo."

Malume anachiyesa chishangocho nachivomera, ine n'kupatsidwa ufulu wanga. Koma nditawafotokozera za theche lija, nkhope yawo inagwa. Anati wosoka mipando wodziwa theche lotero ndiye kuti anaphunzitsidwa ndi boma, ndipo anaimitsa maphunziro mpaka mvula itagwa. Nthiti zanga zinapuma kawiri. Kwa zaka zambiri pambuyo pake ndinkakumana ndi a Mbewe pamsika wa Salima. Tinkapatsana moni waulemu, iwo n'kufunsa za bwato la abambo, ine n'kuyankha kuti likuyenda bwino. Aliyense anasunga chinsinsi cha mnzake, ndipo anamwalira ndisanadziwe kuti ankandiopa kapena ankandilondalonda.

Lero mdzukulu wanga amaphunzira karate poyera, makolo akuombera m'manja. Tsiku lina anandionetsa zishango pafoni, zofiira, zabuluu, zokhota, zowongoka, akuti ungoloza chimene wakonda ndipo chibwera pa minibasi kuchokera ku Lilongwe. Palibe wofunsa kuti wakutuma ndani. Zimenezo n'zabwino, sindikukana. Koma ndinamufunsa ngati wogulitsayo amayamba watseka chitseko n'kuvula nsapato. Anati ayi.

Ndinamuuza kuti asagule.