Bodza Limene Linandisandutsa Apongozi

Ndinanama, inde, ndipo sindipepesa.

M'masiku a chipani chimodzi ndinkataipa pa ofesi ina yogula thonje ku Katete. Bwana wathu, a Mbewe, anali ndi manja osakhazikika. Ukangowerama pa makina, dzanja lawo lili kale m'chiuno mwako. Wokana ankachotsedwa ntchito, ndipo kokadandaula kunalibe.

Nditamva kuti anakwatira ku Mkaika, ndinawadikira. Atangondigwira phewa ndinati, "A Mbewe, mulibe manyazi? Akazi anu ndi mwana wa akulu anga. Ine ndine apongozi anu!"

Chikhalirecho ku Mkaikako ndinalibe mbale ngakhale mmodzi.

Munthu wamkulu analumpha ngati waponda moto. Kuyambira pamenepo ankandipatukira panjira, maso ali pansi.

Tsiku lina akazi awo anatulukira pa ofesi. A Mbewe anandiloza mwaulemu n'kuwauza kuti, "Amayi anu aang'ono aja ndi awa." Mayiwo anandiyang'ana, anayang'ananso amuna awo, kenaka anandigwadira.

"Amayi, mwachoma bwanji?" anatero mokweza. Kenaka anandinong'oneza: "Atsikana enawonso muwauze kuti ndi abale athu."