Kakhadi ka liwiro pa khonde la a Nangozo

Ine ndine Prisca, telala. Makina anga osokera ali pakhonde la sitolo ina pa Mtakataka, moyang'anana ndi pamene maminibasi amaima. Khonde limeneli ndimagawana ndi Ursula Ngozo, amene aliyense pano amawatchula kuti a Nangozo. Ntchito yawo ndi yobena, kutanthauza kuika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, m'mamemori ndi m'mafulashi a anthu. Takhala moyandikana zaka zambiri, moti ndikangomva m'mene aikira kapu patebulo ndimadziwiratu ngati adzuka bwino kapena ayi.

A Nangozo anabadwira kufupi ndi Mua. Bambo awo anali osema ziboliboli, ndipo iwo ali mtsikana anaphunzira kutaipa pothandiza kulemba nyimbo za kwaya. Anakwatiwa ndi msodzi wina amene anamwalira mwana wawo Yvonne asanayambe n'kuyenda komwe. Kuchokera pamenepo anagulitsapo usipa, mpunga, kaunjika, chilichonse chimene chikanatha kulowa m'beseni. Moyo umenewo unawanola lilime. Kondakitala wamwano akawayamba, amabwerera m'minibasi mwake ataweramitsa mutu, anzake akumuseka. Koma ndi munthu yemweyonso amene amaikira agogo nyimbo za Maria m'kafoni kawo kosweka, n'kuwaphunzitsa pobinya mobwerezabwereza osatopa.

Laputopu yawo anaigula kwa mphunzitsi wina amene ankasamukira ku Lilongwe. Ndi yakalekale, yolemera ngati njerwa, ndipo batire lake linafa isanafike n'komwe m'manja mwawo. Imayendera sola yomwe ili padenga. Mafilimu onse amawasunga mu hadi dilaivu yaikulu yomwe amailumikiza ndi chingwe. Vuto la makina amenewa linali limodzi, ulesi. Nyimbo zokha zinkalowa bwinobwino, koma munthu akafuna mafilimu ambiri, kamzere kobiriwira kosonyeza m'mene kukopa kukuyendera kankakwawa ngati ngolo ya abulu pamchenga. Apaulendo ambiri ankazula mafulashi awo zinthu zili pakati chifukwa minibasi yaliza hutala. A Nangozo ankaitukwana laputopuyo tsiku ndi tsiku, kenaka n'kuipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje chawo.

Panali kasitomala mmodzi yekha amene ulesi umenewu sunkamudandaulitsa. Ameneyu anali a Silvesta Mbewe a ku Golomoti, bambo wamtali, wofatsa, amene mkazi wawo anamwalira kalekale. Ali ndi kanyumba ka bango komwe amaonetsako mafilimu. Lachiwiri lililonse ankatulukira pa njinga, hadi dilaivu yawo ataikulunga m'sokosi, kudzatenga mafilimu atsopano. Kukopako kunkayamba m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo, ndipo nthawi yonseyo iwo ankakhala pabenchi ya makasitomala, chipewa chili pabondo.

Munthu woyankhula mochedwa ngati a Silvesta sindinamuonepo. Ankayamba ndi moni wathunthu. Akatha apo ankafunsa za Yvonne kusukulu, kenaka za mbuzi, kenaka ngati mvula inagwa bwino kumtunda. Pakati pa funso lililonse pankadutsa maminibasi angapo. Koma ine amene ndinkamvetsera ndikupalasa makina ndinaona kuti mafunsowo sanali kuzungulira pamodzimodzi. Sabata iliyonse ankasendera pafupi pang'ono. Patapita miyezi anali atafika pofunsa kuti kodi a Nangozo kwawo kwenikweni ndi mudzi uti, nanga abale awo aamuna atsala ndani.

Aliyense wokulira kuno akudziwa kumene njira imeneyo imakathera. Bambo wamkulu wa ulemu wake sanena za chikondi pakhonde la sitolo ngati mnyamata wa fomu thuu. Amafunsa kumene amalume a mkaziyo amakhala, ndipo ukamva funso limenelo umadziwa kuti ankhoswe ali m'njira. Komanso bambo wotere sangakhale pabenchi ya mayi wamasiye popanda chifukwa chooneka, anthu angayambe kuloza ndi milomo. Kwa a Silvesta chifukwa chooneka chinali hadi dilaivu ya m'sokosi ija ndi kamzere kaulesi kaja.

Ndikawaseka a Nangozo za nkhaniyi, ankandiuza kuti ndizisamala za masiketi a eni ake. Koma Lachiwiri ndi tsiku lokhalo limene ankavala chitenje chawo cha maluwa achikasu, ndiponso ndi tsiku lokhalo limene botolo la thobwa linkabwera ndi makapu atatu m'malo mwa awiri. Ndinkakondwa nazo. Mnzanga anali atasenza yekha katundu wa moyo nthawi yaitali, ndipo bambo ameneyu, ngakhale anali nkhono, anali wabwino mtima.

Kenaka mlongo wa a Nangozo, Limbani, amene amagwira ntchito ku Joni, anabwera kudzadya Khirisimasi. Ataona m'mene laputopu inkavutitsira, anaitembenuza n'kubinya m'mbali mwake, ndipo munatuluka kapulasitiki kakuda. A Nangozo anatsala pang'ono kumumenya ndi ambulera poganiza kuti wathyola makina. Limbani anaseka, n'kufotokoza kuti kapulasitikiko kankangotseka malo olowetsapo khadi yowonjezera mapoti, kumene kumalumikizidwa mafulashi ndi zingwe. Atabwerera ku Joni anatumiza khadiyo ndi dalaivala wina wa basi.

Kanali kachitsulo kopyapyala, kakafupi kuposa foni, kokhala ndi mapoti awiri a buluu kumapeto kwake. Mapoti akale a laputopuyo anali akuda. Kuti kayambe kugwira ntchito panafunika Limbani awalondolere pa foni masana onse, uku akukangana ngati ana. Koma katangoyamba, ngakhale ine ndinasiya kusoka. A Nangozo analumikiza hadi dilaivu yawo pabuluu pamodzi, fulashi yatsopano pabuluu penapo, ndipo kamzere kaja kanathamanga ngati kaba chinachake.

Kakhadiko kanali ndi makhalidwe ake oipa, sindikubisa. Kankatentha, makamaka masiku a dzuwa loswa mtengo. Ukazula chingwe mwamphamvu, nako kankatuluka n'kugwera patebulo, zonse zimene zinali pakati n'kuonongeka. A Nangozo anakagonjetsa ndi mphira wodula ku chubu ya njinga, anakamanga ndi laputopu yomwe ngati mtolo wa nkhuni. Chinanso n'chakuti liwirolo linkafuna chipangizo chimene nachonso ndi chabuluu polumikizira. Obwera ndi mafulashi akale ankadikirabe, ndipo akadandaula ankauzidwa kuti fulashi yawo ndi ya nthawi ya agogo awo. Komabe mbiri inamveka mpaka ku Mua. Wojambula maukwati wina anayamba kubweretsa ntchito zake pakhonde pathu, apaulendo ankalandira mafilimu awo minibasi isanadzaze, ndipo a Nangozo ankayenda mapewa ali m'mwamba.

Lachiwiri litakwana, a Silvesta anafika monga mwa masiku onse. Hadi dilaivu yawo inapezeka kuti nayonso ndi yabuluu, ndipo a Nangozo, pofuna kuonetsa chuma chawo chatsopano, anailumikiza pomwepo monyadira. Bamboyo anakhala pansi, anaika chipewa pabondo, anapereka moni. Anafunsa za Yvonne. Anali atangoyamba za mbuzi pamene a Nangozo anawomba m'manja kamodzi n'kulengeza kuti zatha.

A Silvesta anayang'ana laputopu, anayang'ananso dzuwa lomwe linali lisanapse n'komwe. Anayamikira kuti makina a masiku ano ndi odabwitsa. Kenaka anakulunga hadi dilaivu m'sokosi mwake pang'onopang'ono, anavala chipewa, natsanzika. Thobwa lija tinamwa awiri, kapu yachitatu inabwerera kunyumba youma.

Sabata yotsatira zinatero ndithu. Sabata inayo sanabwere n'komwe. Anangotumiza sokosi ija ndi a Onani, bambo wina wa kabaza amene amayenda njira ya Golomoti, ndi uthenga woti poti ntchitoyo ndi ya kanthawi kochepa, palibe chifukwa chosiyira kanyumba kawo kokha. Apa mtima unandipsa. Ndinawauza a Nangozo mosapsatira kuti walira mvula walira matope, liwiro lomwe ankalilira lija ndi limeneli lawathamangitsira munthu. Anandiyankha kuti sangabweze makasitomala chifukwa cha bambo amene chiganizo chimodzi chimamutengera nyengo yonse ya dzinja. Tinakhala osayankhulana mpaka masana, ine ndikupalasa makina mwaukali, iwo akubinya mabatani ngati awalakwira.

Dzuwa litapendeka anabwera kudzaima pafupi ndi makina anga, akunamizira kuyang'ana nsalu.

"Anzanga," anatero motsitsa mawu, "benchi ija ikakhala yopanda munthu Lachiwiri imandiwawa."

Sindinawaseke, ngakhale mpata unalipo. Ndinangowafunsa ngati mapoti akuda aja anafa. Pomwepo anakatenga sokosi ija n'kuibweza kwa a Onani yopanda filimu ngakhale imodzi. Uthenga wake unali woti mwini wake abwere adzasankhe yekha, iwo sakufuna kudzanenedwa kuti anaika zosakoma.

A Silvesta anabweradi Lachiwiri linalo, atavala malaya ositidwa. Chitenje cha maluwa achikasu chinali pamalo pake, makapu atatu analinso pamalo pake. A Nangozo analandira hadi dilaivu, ndipo nkhope ili gwa anailumikiza pa poti yakuda yakale ija. Anafotokoza kuti kakhadi ka ku Joni katentha kwambiri m'mawa muno, kakufunika kupuma. Bamboyo anagwedeza mutu momvetsa, nakhala pabenchi. Kamzere kobiriwira kanayamba ulendo wake wa abulu, ndipo ine ndinapuma bwino.

Bodza la munthu wosazolowera kunama silikhalitsa. Posapita nthawi panaima minibasi yopita ku Salima, ndipo mayi wina anatsika mothamanga ndi fulashi m'manja, akupempha mafilimu a ana kondakitala asanamusiye. Manja a a Nangozo anachita zimene anazolowera mutu usanaganize. Anasomeka fulashiyo pabuluu, pakakhadi komwe ankati kakupuma kaja, ndipo mayiyo analandira zake n'kukwera injini isanazime. A Nangozo atatembenuka ndi pamene anakumbukira kuti pabenchi pali munthu wa maso.

A Silvesta anayang'ana pabuluu, anayang'ana pakuda pomwe panali chingwe chawo, anayang'ananso kamzere kaja komwe kanali kasanafike n'pakati pomwe. A Nangozo, mayi amene amaopedwa ndi makondakitala a msewu wonse, anayamba kupukuta tebulo lomwe linali loyera kale. Ine ndinkangoti basi, bamboyu achita manyazi, atenga chipewa chake ndipo sitidzamuonanso.

Chipewacho anachigwiradi, koma anangochikhazika bwino pabondo.

"Ndiye kuti nthawi ilipo," anatero.

Mukuganiza kuti anafunsa pomwepo? Ayi ndithu. Anayambiranso kumayambiriro. Anafunsa za Yvonne, za mbuzi, za mvula ya kumtunda, mpaka za msewu wa Khwekhwerere ngati anakonza pamene panagumuka. Ndinatsala pang'ono kuwaponyera sizasi. Ndinasoka mkono wa bulauzi ya munthu mozondoka, n'kuusomola, n'kuusokanso, khutu lili pabenchi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sananene kuti woonererayo amatha kudwala nako kudekhako.

Thobwa litatha, dzuwa lili pamutu, a Silvesta anaika kapu pansi mosamala. Anatsokomola pang'ono.

"A Nangozo, kodi amalume anu aja adakali ku Mua konkuja?"

Makina anga anaima okha. A Nangozo anayankha, koma lilime lakuthwa lija osapezeka. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mtsikana wa kwaya.

"Alipo, a Mbewe. Nyumba yoyang'anana ndi mlambe waukulu, mukangodutsa chigayo." Kenaka anawonjezera, "Loweruka sachoka pakhomo."

A Silvesta anagwedeza mutu, nati Loweruka ndi tsiku labwino, akulu awo a ku Golomoti nawonso sakhala otanganidwa. Ine misozi inalengeza, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Zovala za pachinkhoswe ndinasoka ndine, ndipo filimu yake inakopedwa pabuluu, m'bale aliyense analandira yake asanakwere minibasi.

Koma chimene ndimachikumbukira kwambiri ndi cha masana a Lachiwiri lija. Nditadzuka kukatenga ulusi, ndinadutsa kumbuyo kwa tebulo n'kuponya diso pa laputopu. Kamzere kobiriwira kanali katafika kale kumapeto, mwina bamboyo akadali pa nkhani ya msewu. A Nangozo anali atakaona ine ndisanakaone, chifukwa anali ataitembenuzira laputopuyo kukhoma kuti wa pabenchi asaone.